Mikanda Yomata ndi Phala la Chinangwa

Fungo la phala la chinangwa likasasa limandiutsa mseru mpaka lero. Ndi fungo la dzinja lomwe amayi aang'ono, Ba Eneless, anakhala nafe m'kanyumba kathu ku Kabwata. Anafika kuchokera ku Chunga ndi chikwama chimodzi, diso lili lotupa, atathawa amuna awo. Amayi anawalandira, koma osati ndi manja awiri. Nyumba inali yopanikiza, bambo ankang'ung'udza, ndipo mlendoyo anamuyalira m'chipinda changa.

Akanabwera okha bwenzi zili bwino, koma anabwera ndi luso lawo. Ku Chunga ankakhala pafupi ndi dzala lalikulu la mzinda, ndipo anazolowera kuona zokongola pomwe ife tinkaona nyansi. M'mawa ankazungulira kuseri kwa mabala, kutola zotsekera mabotolo, mabotolo a pulasitiki ndi makatoni a mowa wa masese. Ndikawaona akutokosa m'ngalande ndi kamtengo, ntchentche zikuwatera m'manja, ndinkalambalala kuti anzanga asadziwe kuti ndi akwathu.

Kutsuka ankatsuka ndithu, koma katoni ya masese siimva sopo. Zotsekera ankaziphwanya ndi mwala, kuzikuta ndi tizidutswa ta chitenje, n'kukhala ndolo. Mabotolo ankawadula n'kukhala zibangili. Koma mtima wawo unali pa mikanda. Ankacheka makatoni m'timizere tosongoka, kutikulunga pa waya wa ambulera yothyoka, n'kumata ndi phala la ufa wa chinangwa. Ufawo ankawapatsa mayi wina wa ku Luapula woyandikana nafe, amene ankalumbira kuti umagwira kuposa guluu wa m'sitolo. Kugwira unkagwiradi. Kungoti mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, mikanda siinkauma, ndiye ankaisunga m'bokosi pansi pa bedi langa. Ndinkagona pamwamba pa fungo la mowa wovunda ndi phala losasa, ndipo yunifomu yanga inayamba kununkha ngati ndimagona ku bala.

Amayi anali aukhondo woopsa, a mtundu wopukuta ngakhale pansi pa ndowa. Tsiku lina ananunkhiza m'chipindamo, nkhope n'kukwinya. "Eneless, nikapeza mphemvu imodzi chabe chifukwa cha vinyalala vako, uzabwelela ku Chunga." Ba Eneless anaseka, koma ndinaona dzanja lawo likupita pa diso lija.

Potseka sukulu, aphunzitsi anati tidzaonetse zovala zopangidwa ndi zinthu zotayidwa, makolo ataitanidwa. Ba Eneless anasangalala ngati mwana. Anandiuza kuti kudzabwera azimayi olemera a ku Woodlands, akadzaona ntchito yawo adzaifuna, ndipo iwo adzapeza kachipinda kawokawo osabwereranso kwa amuna awo aja. Ine zimenezo sizinkandikhudza. Chomwe chinkandivuta n'chakuti nyansizo zidzakhala pakhosi panga.

Tsikulo anandiveka ndolo, zibangili, ndi mkanda waukulu wozungulira khosi lonse mpaka pachifuwa. Kunena zoona unali wokongola, wobiriwira ndi wofiira, koma unali wofewa, wozizira, wonata pakhungu. M'holo munali motentha, malata akuwotcha mvula itangokata. Nditakwera pansanja anthu anaomba m'manja, ndipo ndinaona Ba Eneless kumbuyo ataimirira pa zala. Kenako pakhosi panayamba kunyerenyesa. Ndinayesa ndi thukuta. Nditayang'ana pansi, ndinaona timphemvu tating'ono totuwa tikutuluka m'mabowo a mikanda, tambirimbiri, tikuthamangira m'kolala. Tinali titaswana m'menemo, tikudya phala lija. Kena kanatsika kumsana, kena kanakwera kukhutu. Ndinakuwa, n'kudula mkandawo, mikanda n'kumwazika pansi. Ana anayamba kuponda timphemvuto akuseka, ine ndikusanza pa nsapato zanga. Amayi anali pa benchi ya kutsogolo atavala bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Ba Eneless anali atagwada pakati pa miyendo ya anthu, akutola mikanda.

Kunyumba amayi sanakalipe. Ananditsuka ndi madzi otentha mpaka khosi kuwawa, anatulutsa bokosi lija, kulithira palafini n'kuyatsa. Ba Eneless anaima pafupi ndi utsiwo. "Ba sisi, ni vanishi chabe inasowa. Nikapaka vanishi mphemvu sizingangene." Amayi anangotakasa moto. Lamlungu bambo wa ku Chunga anabwera atavala jekete, akumwetulira mwaulemu, n'kuwanyamulira chikwama mpaka pa minibasi. Ine ndinatsegula windo la chipinda changa, n'kupuma mpweya wabwino, mtima uli m'malo.

Masiku ano ndimaiona mikanda yomweyo m'masitolo a ku Kabulonga, ikunyezimira vanishi pakhosi pa azimayi onunkhira. Sindingaivale, khosi limandiyabwa ndikangoiyang'ana. Ndili mwana ndinkati nyansi zonse zinakwera minibasi ija. Koma mphemvu zinalipo kuseri kwa sitovu yathu Ba Eneless asanabwere, ndipo zinatsala atapita. Kwa zaka zambiri amayi ankazipha ndi patapata mwakachetechete, osatchula dzina la munthu. Amene anabwerera ku Chunga anali Ba Eneless okha.