Mawu Omaliza a Kalipentala

Mayi Telala akhala akusoka zovala pakhonde la sitolo ya utoto zaka khumi ndi zisanu, ndipo kale palibe ankawadziwa kupitirira msewu wawo. Amuna awo anali kalipentala, munthu wanthabwala, wokhoma zitseko ndi mipando. Tsiku lina anadwala mwadzidzidzi. Atawatengera kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, anauzidwa kuti ambulansi yopita kuchipatala chachikulu ilibe mafuta. Bamboyo anamwalirira pabenchi, mutu uli pamiyendo ya mkazi wake, osanena kanthu.

Patatha chaka, nyengo ya chisankho itafika, mlamu wawo, yemwe ankayendetsa galimoto ya chipani, anatulukira ndi mkulu wina wa kabuku m'manja.

"Alamu, awa ndi amene amawalembera bwana wathu zokanena pamtsutso wa ofuna upulezidenti," anatero. "Afotokozereni za achimwene, mwina zingapulumutse ena."

Mayi Telala anaimitsa makina n'kufotokoza zonse. Mkuluyo ankalemba mothamanga. Benchilo linali lotani? Ana ndi angati? Malemu anatsiriza ndi mawu anji?

"Sananene kanthu, bambo."

"Ngakhale liwu limodzi?"

"Ndati sananene kanthu."

Mtsutsowo Mayi Telala anauonera pa kanema wa kwa ometa tsitsi, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Bwana uja atafunsidwa za zipatala, funsolo analilambalala. Anavula magalasi, n'kuwerama, n'kukhala chete mpaka wometayo anati, "Magetsi awathimira m'mutu awa." Kenako anayamba motsitsa mawu: "Ndinakumana ndi mayi wina wosoka zovala. Ndinamugwira dzanja." Ana atatu anasanduka asanu ndi awiri. Benchi linasanduka simenti yozizira. "Ndipo bamboyo, mpweya ukutha, anati, 'Mkazi wanga, ukawauze akuluakulu kuti nafenso ndife anthu.' Ndife anthu! Ndife anthu!" Anadziguguda pachifuwa, holo yonse ya mtsutsowo n'kuimirira. Wopikisana naye anayesa kutchula chiwerengero cha maambulansi amene boma linagula, koma palibe anamumvera.

Anthu kwa ometako anatembenukira Mayi Telala, ena akupukuta misozi. Dzanja la mayiwo bwana ameneyo anali asanalionepo.

Sabata isanathe, mawuwo anali atadindidwa pamalaya a chipani. Otsatira chipani chinacho anasiya kubweretsa nsalu zawo, ankati mayiyu wagulitsa maliro a mwamuna wake. Bwana uja anapambana, mlamu n'kuyamba kuyendetsa nduna, foni osayankhanso. Ambulansi ija anaikweza pamiyala, udzu n'kumera pansi pake.

Koma chowawa kwambiri chinachokera kwa apongozi awo, amayi a malemu, amene anamva mtsutsowo pawailesi n'kuwaitanitsa.

"Mwana wanga anasiya mawu, inu n'kundibisira ine womubala, n'kukauza anthu a magalimoto?"

"Amayi, anapita ali chete. Ndinalipo ndine."

"Ndiye munthu wamkulu uja anganame dziko lonse likumva? Mpaka mawu kunjenjemera chonchija? Nanga za ine anati chiyani mwana wanga?"

"Sananene kanthu, amayi."

"Mwandibisiranso."

Mayi Telala anatseka makina tsiku lathunthu n'kupita kukasaka mkulu wa kabuku uja, yemwe tsopano anali ndi ofesi yoyala kapeti. Ankangofuna kakalata kakang'ono kokawerengera apongozi, konena kuti mawu aja anawapeka. Mkuluyo anawalandira bwino, mpando n'kuwapatsa.

"Mayi, pamtsutso anthu sakumbukira manambala, amakumbukira munthu," anatero akumwetulira. "Amuna anu akanakhala ndi mphamvu, si zomwezo akananena?"

"Akanapempha madzi," anayankha Mayi Telala.

Kalatayo sanawapatse. Apongozi anamwalira mvula isanagwe, asanalankhulanenso ndi mkazi wa mwana wawo, ndipo pamaliro azilamu aakazi anakhazika Mayi Telala panja ngati mlendo.

Lero akadasokabe pakhonde lomwelo, maso atayamba kufooka, ulusi kulowetsa pasingano mpaka ayese kangapo. Mwana wawo wotsiriza, amene anali kumsana pamene bambo ake ankamwalira, amauza anzake kusukulu monyadira kuti mawu aja ndi a bambo ake. Mayi Telala anamuwongolera kawiri, mwanayo n'kulira. Kachitatu anangopitiriza kupalasa makina.