Muvi wa Mizere Itatu

Mkazi wanga ndinamupeza ndi gwape wakuba. Mawu amenewa ndawalemba ndi kuwafufuta katatu, koma aphunzitsi a sukulu ya akuluakulu, kumene ndinaphunzira kugwira pensulo imvi zitamera kale, ankati munthu azilemba zimene zinachitikadi.

Kwathu kum'mawa, anthu akapita ku uzimba, lamulo linali limodzi: nyama ndi ya amene muvi wake walasa poyamba. Choncho aliyense ankaika chizindikiro pa mivi yake. Ya akulu anga inali ndi mizere itatu yoocha pabango, yanga mzere umodzi. Chaka chimenecho tonse awiri tinkafuna mtsikana mmodzi, ndipo atate ake anali atanena poyera kuti safuna mkamwini wodyetsa mwana wawo nkhwani chaka chonse. Gwape wina atathawira m'khwawa, woyamba kufika ndinali ine. Ndinamupeza atafa, muvi wa mizere itatu uli m'nthiti. Wanga unali utalasa mtengo wa msuku umene sunandilakwire kanthu. Ndinazula wa akulu, n'kulowetsa wina wanga pabala lomwelo, kenako ndinafuula kuti anthu abwere. Mwendo ndinakatula kwa apongozi. Akulu sananene chilichonse.

Bango la muvi wawo ndinathyola, koma chitsulo chake ndinalephera kutaya. Chinabwera nane ku Lusaka m'kachitini ka fodya.

Panapita zaka pafupifupi makumi anayi. Zipani zitachuluka, kampani ya boma imene ndinkalonderako inagulitsidwa, ife anatipatsa kalata yothokoza. Ndinkangokhala pakhonde ku Chelstone kuwerenga zikwangwani za maminibasi. M'dzinja lina akulu anabwera kuchipatala. Madokotala atatiitanira pambali n'kuyamba kulankhula mofatsa, tinadziwa kuti wotsala ndi ulendo wobwerera kumudzi.

Mkazi wanga anawaphikira nkhuku zakunja zija zimene zinadzaza m'masitolo, zouma ndi chisanu ngati njerwa. Akulu anatafuna kamodzi.

“Mlamu, nkhuku iyi inafa liti? Nthawi ya atsamunda?” Kenako anandiloza ndi fupa. “Amuna anu ndi mlenje wotchuka. Andiphere gwape ndisanapite.”

“Anali mlenje tsiku limodzi lokha,” anatero mkazi wanga. “Chichokereni pamenepo sanabweretse ngakhale mbewa.”

Onse anaseka. Ine sindinaseke nawo. Munthu ankapita kukafa, ndipo ndikanapanda kunena sabata imeneyo, panalibenso woti ndidzamuuze.

Uta ndinasema ku nthambi ya gwafa wa aneba, iwo atapita kutchalitchi. Nsinga ndinalenga ku chikopa cha ng'ombe chimene ndinapeza ku City Market, mivi ndinasula ku misomali. Mnzanga wa kutchalitchi ankayang'anira famu kupitirira Lilayi, ndipo anati agwape akumuthera nyemba. Akulu anakana kutsala. Tinakwera minibasi m'mawa, uta titaukulunga m'chitenje.

“Shani ba mudala, nkhondo yayamba?” anatero kondakitala, kutilonjera madala m'chilankhulo cha m'tauni. “Mivi muike pansi, mungalase ba dalaivala. Tili nabo bamodzi chabe.”

Potsika n'kuti mvumbi utayamba, mvula yopanda mabingu ija imene imagwa ngati ilibe kwina kopita. Ndinakunga uta pamsewu pomwepo kuti anthu aone. Akulu anangondiyang'ana. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pachulu china m'mphepete mwa munda, iwo atafunda ambulera ya amayi a chigwirizano imene mlamu wawo anawabwereka.

Mlenje aliyense amadziwa kuti kukamagwa mvula, nsinga ya chikopa umaimasula n'kuibisa m'chipewa, umaikunga nyama ikayandikira. Yanga inali itamwa madzi kwa ola lathunthu.

Gwape anabweradi. Mvula imamutseka makutu, ndipo anatulukira pafupi, poti munthu n'kutha kumugenda ndi mwala. Ndinagwada, ndinakoka. Nsinga inabwera mofewa ngati lamba wa kabudula wakale. Muvi unauluka mapazi atatu n'kugona m'matope. Gwape anandiyang'ana ngati mmene kalaliki amayang'anira munthu wobwera nthawi ya chakudya, anatafuna tsamba limodzi, n'kumapita osathamanga n'komwe.

Akulu anaseka mpaka kutsokomola, kutsokomola mpaka ndinaopa kuti ndiwanyamula mtembo. Atapuma ndinanena, ndikadali chogwada.

“Akulu, gwape uja wa m'khwawa sanali wanga.”

“Uti? Unaphapo angati?”

“Ndinazula muvi wanu.”

Anapukuta misozi ndi chipewa. “Iwe, chitsulo changa chinali chotakata zala ziwiri, chako ngati singano. Muvi wako unkagwedera m'bala ngati phazi la mwana mu nsapato ya atate ake. Aliyense amene anasenda nyama ija anaona.”

“Nanga bwanji simunanene?”

“Ndinkadikira kuti unene wekha. Sindinadziwe kuti mpaka ndidwale kaye.”

Ndinawafunsa ngati ankamufunadi mtsikana uja. Madzi ankadontha m'mphepete mwa ambulera.

“Ndinkamufuna. Zaka ziwiri ndinkazungulira njira ya kudambo kuti ndisadutse pakhomo panu.” Anatsokomolanso. “Koma masiku ano ndamva mmene amakukalipira. Mulungu amateteza anthu ake. Chitsulo changa chili kuti?”

Kachitini ka fodya kaja kanali m'thumba la jekete yanga. Anatsegula, anachitembenuza, anachikanda ndi chikhadabo.

“Wakuba wosasamala. Taona dzimbiri.”

“Mwandikhululukira, akulu?”

“Ndazizidwa. Ndibereke.”

Ndinawabereka mpaka kumsewu, uta ndinausiya pachulu. Ankalemera ngati mtolo wa udzu. Ali kumsana anandiuza kuti tikafika ndikamuuze mlamu wawo ndekha, iwo akumva.

Ndinamuuza tikuwotha mbaula, zovala zikufuka nthunzi. Sanasiye n'komwe kusankha nyemba.

“Atate anandiuza tsiku lomwelo,” anatero. “Anati munthu wonama mopanda luso chonchi sangandibisire mkazi wina. Vulani masokosi, mukunyowetsa mkeka.”

Zaka zonsezo ndinkatuluka thukuta m'tchalitchi abusa akatchula za Yakobo ndi Esau, pamene mudzi wonse unkadziwa, kupatula ine ndi gwape.

Akulu anamwalira chimanga chisanakhwime. Mawu oti ndakukhululukira sanawatchule, ngakhale pokwera basi yobwerera kumudzi, pamene ndinawayandikizira khutu dala. Maliro atatha, mlamu wanga wamasiye anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundipatsa chinthu chokulunga m'nyuzipepala. Unali muvi. Chitsulo chija anachikwecha mpaka kuwala, anachiika pa bango latsopano, n'kuochapo mizere itatu yokhotakhota.

“Anati ndikupatseni,” anatero mlamu, “koma ndikuuzeni kuti akungokubwerekani. Mudzawabwezere nokha.”

Uli pamwamba pa chitseko. Ndimaupaka mafuta mvula ikayamba, kuti ndikadzafika asadzayambe ndi nkhani ya dzimbiri.