Chaka Chimene Anawatseketsa Amayi Aang'ono

Chitenje chija chinali chobiriwira, cha maluwa achikasu, chikununkhabe sitolo. Amalume anawagulira amayi aang'ono ku Namitambo, nyengo yokolola nandolo, ine ndili Sitandade 4.

Amayi aang'onowo anali mng'ono wawo wa amayi anga. Thupi linali la munthu wamkulu, koma kuwerenga ndi kusunga masiku zinkawakanika chibadwire. Pa ana pokha panalibe wowaposa. Khanda lolira chotani likafika kumsana kwawo linkangoti zii.

Chaka chimenecho bambo wina wokonza njinga anayamba kumawaimitsa panjira ya kuchigayo. Amalume atamva analamula kuti asamatulukenso kunja kwa mpanda, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndiziwalondera. Tinkamenya nandolo pabwalo, fumbi la makoko likutiyabwa m'khosi. Belu la njinga likalira kumsewu, ankataya ndodo n'kukasuzumira pampata wa udzu. Ine ndinkawakoka mkono.

"Kodi ndalakwa chiyani?" ankandifunsa. Ndinkangoloza nandolo.

Tsiku lina m'mawa amayi ndi amalume anawaveka chitenje chatsopanocho n'kupita nawo kuchipatala. "Tikungokachotsa njoka za m'mimba," amayi anga anawauza choncho, maso ali pansi. Anabwerako akuyenda chowerama, ali ndi bala pansi pa mchombo. Mawu oti anawatseketsa ndinawamva kwa azimayi a pamjigo, koma ndinkaganiza kuti akunena za chitseko.

Lero ndine mayi, ndipo mantha a amayi anga ndimawamvetsa: mimba yopanda mwini, khanda lina loti alere, ife tikuperewera kale chakudya. Sindingawatche ankhanza. Koma amayi aang'ono ankamva zinthu munthu akawafotokozera pang'onopang'ono. Kuphika anaphunzira choncho, nyimbo za kutchalitchi chimodzimodzi. Pa nkhani ya thupi lawo lomwe palibe anakhala nawo pansi. Ngakhale za bambo uja palibe anawafunsa ngati ankamufuna kapena ankamuopa.

Bala litapola, amalume anati, "Basi, aziyenda tsopano." Anawasenzetsa thumba la chimanga, ndipo amayi aang'ono anapita okha kuchigayo. Ine ndinasangalala kuti ulonda watha, ndinathamangira ku fulaye kwa anzanga. Madzulo ndikubwerera ndinamuona bamboyo ali pamalo pake pomwe paja, pansi pa mtengo wa mango, akupopa tayala. Ndinaima n'kudabwa kuti njira yomwe inali yoopsa mwezi watha yakhala bwanji yabwino, munthu wake asanasamuke.