Aphunzitsi Anaitana Kanayi

Aphunzitsi amene amakhala moyandikana ndi mayi wina wosoka zovala anapuma ntchito kalekale, koma pakamwa pawo sipanapume. Mwezi uno akakamira mawu achingerezi akuti "fall", otanthauza kugwa. Akakupeza pampanda, amakufotokozera kuti mawuwa ngakale kwambiri, ali ndi abale awo m'Chijeremani, ndipo eniake amagwetsa nawo chilichonse: mvula, masamba, maufumu. "Koma munthu akagwa, dikishonale siimudzutsa," amamaliza choncho, n'kuseka okha.

Mayiyo zinamufika m'khosi. Lachiwiri lapitali, akupinda diresi la mkwatibwi, anamva mawu kuseri kwa mpanda: "Mwanangu!" Poganiza kuti phunziro layambanso, anapalasa makina mwamphamvu. Patapita kanthawi kunangoti zii.

Patatha maola awiri, popita kukayanika nsalu, anasuzumira kuseri kwa mpanda. Aphunzitsi anali gone m'munsi mwa masitepe, padzuwa, chidebe chitagubuduzikira uko, mwendo utatupa.

Mayiyo anathamanga kukawadzutsa. "Bambo, ine..."

"Palibe kanthu, mwanangu," anatero nkhalambayo. "Makina akowo ngaphokoso, sukanamva."

Mayiyo anawerama n'kutola chidebe chija. Anali atamva bwinobwino, mpaka kuwerenga: kanayi.