Diamanto ndi Mjeremani Wosoka Nsapato

Inu amene mukuona ngati mawu anu alibe womvera, tamvani za Diamanto.

M'chaka cha 1826, Diamanto anafika ku Nafplio, mzinda wina wa Agiriki, mapazi ali zilonda zokhazokha. Mzinda wakwawo unali utagwa m'manja mwa asilikali a mfumu ya ku Turkey, amene Agiriki ankamenyana nawo pofuna ufulu. Mayi ake, bambo ake ndi mlongo wake anafera komweko. Mtsikanayu ankagona pakhonde la tchalitchi, kudya makoko a buledi amene asodzi ankamuponyera.

Patapita miyezi, bambo Zisis, mwini wa kanyuzipepala kena mumzindamo, anamulemba ntchito yosesa ndi kutsuka zilembo zachitsulo zosindikizira.

Loweruka lililonse bamboyu ankaima pakhomo n'kumawerengera anthu nyuzipepala mokweza. Nkhani zambiri zinali zotamanda alendo amene anabwera kudzathandiza pankhondoyo. Ndakatulo zinkawatcha angelo, mikango, nyenyezi zochokera kumadzulo. Onse otchulidwawo anali akuluakulu a nkhondo ndi ana a mabanja olemera.

Tsiku lina Diamanto anaika tsache pansi.

"Bambo Zisis, nanga za Wendel mudzalemba liti?"

"Wendel ndani? Mkulu wa asilikali?"

"Ayi, Mjeremani wosoka nsapato."

Zisis anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, anthu akunja akutitumizira zombo chifukwa akuwerenga za ngwazi. Ukufuna ndiwapatse nkhani ya zidendene?"

Koma Diamanto anafotokozabe. Wendel anawerenga kwawo kuti Agiriki ndi anthu anzeru ngati a m'mabuku akale, choncho anagulitsa kanyumba kake n'kubwera. Anapeza nsabwe ndi njala, ndipo tsiku lachitatu Mgiriki wina anamubera zida zake zosokera. Tsiku lililonse ankatukwana, kunena kuti mawa akubwerera kwawo. Koma sanapite. Anapinda msomali n'kumasokera asilikali nsapato kwa chaka chathunthu. Tsiku lothawa mumzinda umene unagwa uja, Diamanto atagwa m'dambo, ndi Wendel amene anamubereka kumsana mpaka kumapiri. Patatha sabata malungo anamutenga, ndipo Diamanto anamukwirira yekha ndi miyala.

"Ngati ukumufuna chomwecho, mulembe wekha," anatero Zisis, akudziwa kuti mtsikanayo sadziwa ngakhale chilembo chimodzi.

Mawuwa anamubaya, koma anawatenga ngati chilolezo. Potsuka zilembo zija anayamba kufunsa dzina la chilichonse. Vuto linali loti zilembo zosindikizira zimakhala zotembenuka, choncho tsiku limene analemba dzina lake koyamba, analilemba chambuyo.

"Bweretsani galasi, mlembi wathu walemba!" anakuwa mmodzi wa antchito, nyumba yonse n'kufa nazo kuseka.

Diamanto analira kuseri kwa chitseko, n'kupukuta misozi, n'kuyambiranso. Zinamutengera zaka zitatu kuti alembe masamba awiri.

Zisis anawerenga masambawo nkhope itakwinya. "Walemba kuti tinamubera? Kuti ankatitukwana? Izi zikafika kunja, ndani adzatimverenso chisoni?" Anamubwezera.

Diamanto anawasunga m'bokosi lake. Sanasiye ntchito. Anaphunzira kuyala zilembo, mpaka panalibe wina womuposa liwiro pamalopo.

Kenako ufulu unabwera, koma unabwera ndi mfumu yochokera kunja pamodzi ndi nduna zake. Amene anakhetsa magazi pankhondo anaona maudindo akupita kwa alendo, ndipo mitima inawawa. Kanyuzipepala ka Zisis kanatembenuka. Angelo aja tsopano anakhala misundu yoyamwa magazi a dziko.

M'mawa wina Zisis anamuitana.

"Diamanto, masamba ako aja ukadali nawo? Ndikufuna pamene Mjeremani uja akutitukwana. Anthu aone mmene alendo amationera. Zinazo tidula."

Imeneyi inali nthawi imene Diamanto anaiyembekezera zaka zisanu ndi ziwiri. Dzina la Wendel likanatuluka, lakenso likanatuluka.

"Bambo, kale munkafuna mngelo, lero mukufuna mdyerekezi. Koma amene anandibereka kumsana ine anali munthu."

"Ndiye sindisindikiza."

"Musasindikize. Koma kudula kokha ayi."

Anasiya masambawo patebulo n'kubwerera kuntchito, akuganiza kuti mwina tsikulo ndi lake lomaliza pamalopo.

Masabata atatu anadutsa Zisis osanenapo kanthu. Kenako anamuponyera masamba aja.

"Yala wekha, osasiya liwu. Koma anthu akabwera ndi miyala, pakhomo ukaime ndiwe. Ine ndakalamba, sindingathamange."

Nkhaniyo itatuluka, ena anakwiyadi. Wina anati Diamanto wagulidwa ndi alendo, wina anati wanyoza mtundu wake. Koma Lolemba kunafika mayi wina wachikulire, atanyamula azitona m'kansalu.

"Ndiwe unalemba za wosoka nsapato uja? Kwathu kunafera Mfalansa wina, wophikira asilikali. Anali wamkamwa, komanso chakudya chake sichinkakoma. Koma anadyetsa ana anga miyezi inayi. Dzina lake ndatsala nalo ndine ndekha, ndipo ndikafa lipita nane. Ungalilembe?"

Diamanto anamukokera mpando.

Pambuyo pa mayiyo kunabwera ena, asodzi, akazi amasiye, asilikali opunduka. Ena anabwera ndi nkhani za alendo okoma mtima, ena za alendo amene anangodzafuna chuma, ndipo iye analemba zonse monga zinachitikira. Zisis atamwalira, anamusiyira makina osindikizira. Mtsikana wosadziwa kulemba uja anayendetsa nyuzipepalayo zaka makumi awiri, naphunzitsa atsikana ambiri kuwerenga.

Abale anga, mwina inunso muli ndi chinthu choona chimene mwachisunga mumtima, ndipo amene ali ndi mphamvu akukuuzani kuti muchidule kuti chiwakomere. Mwina mwayamba mochedwa, ndipo anzanu akukusekani. Phunzirani chimene simukuchidziwa, chilembo chimodzi lero, china mawa. Pali anthu amene akudikira kuti inu muyambe kulankhula kuti nawonso alimbe mtima. Musafooke, ndipo musadule choonadi chanu.