Mashiti a Mayi Kalliopi pa Matimati

Ndakhala moyandikana ndi a Thanasi Vrettos ku Torrensville kuno kuyambira ana athu akukwawa. Pakati pathu pali mpanda wamalata wolekeza pachifuwa, ndipo zonse zimene ndikudziwa za iwo ndinazionera pamwamba pa mpandawo. Anachoka ku Greece ali mnyamata, n'kugwira ntchito kufakitale ya magalimoto mpaka msana unapindika. Kumaso kwa nyumba anawakako simenti mpaka kumsewu, koma kuseri kunalibe ndi poponda pomwe: mkuyu, mandimu, mphesa, nyemba, ndi mizere ya matimati aakulu ngati chibakera. Mbewu ya matimatiwo ankasunga ndi akazi awo, mayi Kalliopi, chaka ndi chaka.

Januwale, mwezi wotentha kwambiri kuno, ndiwo unali mwezi wawo. Anthu anzerufe timatseka makatani n'kukhala pafupi ndi fani, koma iwo m'bandakucha paipi ili kale m'manja, akuthirira patsinde. Akatero ankathyola timphukira, kumangirira nthambi ndi masokosi akale a akazi awo, n'kuwonjezera udzu wophimbira nthaka. Pakamwa pawo napo sipankapuma.

"Mayi Noreen, maluwawo mukuwathirira kapena mukuwaphika? Masana ano?"

"Samalani zanu, akulu inu."

"Zanga zili bwino, n'chifukwa chake ndikusamala zanu."

Ndinkapsa mtima, koma madzulo ndinkapeza ndowa ya matimati itapachikidwa pampanda.

Wailesi ikangonena kuti kutentha kupitirira madigiri 40, ankatulutsa mashiti akale a pabedi m'kanyumba ka zida n'kuwayala pa mawaya pamwamba pa mizere, n'kupana ndi mapegi oyanikira zovala. Agiriki ndi Ataliyana onse a mumsewu wathu amachita zimenezi, chifukwa dzuwa la tsiku lotere limawaula tomato ali pamtengo, n'kuyera mbali imodzi ngati wathiridwa madzi otentha. Mashitiwo anali nsanza zenizeni, zothimbirira ndi dothi la zaka zambiri.

Mayi Kalliopi anamwalira m'nyengo yozizira. Mwana wawo Vasso, amene ndinamuona akumera mano, ndi mkazi wabwino koma waphuma. Maliro atangotha anasesa nyumba yonse mpaka kukanyumba ka zida, ndipo anali atawapezera kale bambo ake malo kunyumba yosungirako okalamba. Bambo ake anakanitsitsa, amvekere, "Muno mudzanditulutsa ndili m'bokosi." Anagwirizana kuti akhalebe pakhomo pawo malinga mutu ukugwira. Tsiku limene adzachite zosokonekera, adzapita.

Ndiye kunabwera tsiku lija la madigiri 44, mphepo yakumpoto ikuwomba ngati yochokera mu uvuni. Ndinatuluka m'mawa kukathira madzi m'mbale ya mbalame, n'kusuzumira pampanda monga mwa chizolowezi changa. Ndinangoti kukamwa yasa.

Dimba lonse linali mbee. Pamawaya panali mashiti oyera, opetedwa maluwa ndi manja, ena a zingwe zoluka m'mphepete, nsalu zapatebulo, ngakhale zovundikira mapilo atazipana pa timitengo tating'ono. Ndinazidziwa. Mayi Kalliopi anandionetsapo kamodzi kokha, atayamba asamba m'manja. Anazipeta okha ali mtsikana kumudzi kwawo, n'kubwera nazo pa sitima m'bokosi lachitsulo ngati katundu waukwati. Sanagonepo ngakhale usiku umodzi. Ankati n'za mdzukulu wawo akadzakwatiwa.

"A Thanasi, mwatani?"

"Ndafunditsa matimati. Simukuona?"

"Ndi za m'bokosi? Vasso akaona akuphani."

"Nsanza zanga anataya ndi iyeyo. Ndalowa m'kanyumbamo m'mawa uno, mulibe ndi kansalu komwe. Ndikanafunditsa ndi chiyani, malaya angawa?"

Ndinadziwa mmene zidzaonekere kwa munthu wosalima. Ndinawapempha kuti tichotse msanga, ndiwabwereke mashiti a pabedi panga. Anapukusa mutu. Anati dzuwa lakwera kale, kuvundukula tsopano n'kupha, ndipo matimatiwa ndi a mbewu yomaliza imene Kalliopi anayanika ndi manja ake. "Nsalu n'zake, matimati ndi ake. Akanakhalapo akanandikalipira, kenako akanandigwirira mapegi."

Vasso anafika cha m'ma 11 koloko kudzaona ngati bambo ake akumwa madzi. Ndinamva chitseko chakuseri chikutseguka. Ataima pakhonde nkhope inali itasintha.

"Baba, izi n'za amayi."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Madzulo ndichotsa."

"Mbalame zanyerapo, Baba. Taonani dzimbiri la waya. Mutu wanu uli bwino koma?"

Ndinalowererapo ndili pampanda. "Vasso, tamvera iwe, bambo akowa sanasokonezeke. Dikira dzuwa lipendeke."

"Anti Noreen, chonde, izi n'zapabanja."

Anayamba kuzula mapegi, akulira, akukokera mashiti pachifuwa. Ndinayembekeza kuti a Thanasi akuwa, popeza ndi munthu amene ankakalipira ngakhale mpheta. Sanatero. Anangoima pansi pa mkuyu, chipewa chili m'manja, akuyang'ana mizere ikuvundukuka umodziumodzi dzuwa lili paliwombo. Ine ndinachita mantha ndi kukhala chete kwawoko kuposa kulira kwa Vasso.

Vasso atanyamuka ndinathamanga ndi mashiti anga, koma geti anali atakhoma, ndipo kuitana konse kuja a Thanasi sanandiyankhe. Pofika madzulo masamba anali atalendewera ngati nsanza zonyowa, matimati apamwamba atayera n'kufewa. Komabe apansi anali abwinobwino, ndipo aliyense wodziwa dimba akanakuuzani kuti kukazizira mitengo yambiri idzuka.

M'mawa mwake sindinamve paipi. Ndinamva kuthyoka kwa mitengo. Nditasuzumira ndinapeza akuzula matimati, mtengo ndi mtengo, zipatso zili lendelende, n'kumaunjika pakona. Munthu amene ankanditukwanira kuthyola tsamba limodzi. 

"Imani, a Thanasi. Adzuka amenewo, inunso mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukuzuliranji? Ndikamuuza Vasso zonse, amva. Palibe amene akuchotseni pano."

Anawongoka pang'onopang'ono, akupukuta manja pabuluku. Maso awo anali owuma, ndipo analankhula bwinobwino ngati munthu amene mutu wake ukugwira kuposa wanga.

"Mayi Noreen, ine ndimakanirira pano chifukwa ndimati ndi panga. Dzulo ndaona kuti pakhomo pano sindingafunditse ngakhale tomato. Mumuimbire abwere adzanditenge."

Sindinamuimbire. Anabwera yekha chakumasana, maso atatupa, atasenza mpukutu waukulu wa neti yobiriwira yotchingira dzuwa, yatsopano, kapepala ka mtengo wogulira kadakali pomwepo. Anati sanagone, ndipo wadikira sitolo kuti itsegule. Anazungulira kuseri akuitana, "Baba, ndabweretsa yeniyeni, tiyale limodzi."

Anapeza dothi lokhalokha, losalazidwa bwino ndi reki, mawaya atakulungidwa, mapegi ali m'chitini. Bambo ake anali atakhala pakhonde atavala jekete la kutchalitchi m'kutentha konse kuja, sutikesi ili pambali.

Vasso anaima pamenepo nthawi yaitali, neti ili paphewa, akusowa poitula.