Nkhuku Yomwe Sinali Mupoto

Malemu apongozi anandichenjeza kuti njala yako usamaonetse aneba, adzakaigulitsa pamsika. Ndiye tsiku lina ndikuphika mbatata ya kandolo, chibwabwa cha maungu ndi nshawa zosinja mupoto imodzi, chakudya chomwe chinatipulumutsa chaka cha njala cha ufa wachikasu, ndinatseka chitseko. Bana Mwila, aneba anga, mayi ogulitsa nsomba za ku Chanyanya, anangolowa.

"Ambuya, mwaphika chani?"

"Nkhuku," ndinatero osaphethira.

Anavundukula poto. "Iyee, nkhuku yanu yathawa!" Anaponyamo nsomba ziwiri zouma n'kutuluka. Sindinathokoze n'komwe.

Sabata yonse ndinatchera khutu pamsika, kudikira kusekedwa. Palibe anamva kanthu. Munthu wotere alipodi mu Kafue muno? Ndikudabwabe. Inunso mukamadutsa muzindizonda. Mukafunsa zamupoto, mwina ndidzanena zoona.